Maliro Amene Ndinaika M'chimbale

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Amuna anzanga, ndaona ena mukusuzumira kumsana kwangaku kuti muone ngati ndabereka gitala. Ndaisiya kunyumba, khazikani mitima pansi. Kwa amene simundidziwa, ndine Fanuwelo Mbewe, kwathu ndi ku Dowa, ndimakhala konkuno ku Ulaya, ku Erdington mu mzinda wa Birmingham, ndipo ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Patha chaka ndi miyezi inayi chisiyireni mowa. Koma ndikanena kuti matenda anga anali mowa wokha ndiye kuti ndakunamizani. Mowa unabwera pambuyo. Choyamba chinali kukayikira anthu. Ndinafika poti munthu akandipatsa moni ndinkafufuza chimene chabisala kuseri kwa moniwo, ndipo khalidwe limeneli linatsala pang'ono kundithetsera banja. Ndiye inu amene mumadikira akazi anu alowe kubafa kuti mugwire foni yawo, musayang'ane pansi, nkhaniyi ndi yanu.

Gitala ndinayamba ndili mwana, ya chigubu cha mafuta ndi nthambo za mabuleki a njinga. Koma nyimbo za blues ndinazidziwira kuno. Kuntchito kwathu kunali bambo wina wokalamba amene ankasunga zimbale zakale m'katoni pansi pa bedi, ndipo masana akatha kudya ankati ndimuikire. Tsiku loyamba kumva ndinaima ndi thireyi m'manja. Ndinati izitu ndi zakwathu, munthu akudandaula, gitala n'kumamuyankha. Ndinayamba kupeka nyimbo zanga m'Chichewa pa kaimbidwe kameneko, n'kumaimba m'malo ang'onoang'ono m'tauni muno. Kumeneko ndi kumene anandimva a Trevor, mzungu wachikulire amene ali ndi situdiyo kuseri kwa nyumba yake ku Wolverhampton. Anati tijambule chimbale.

Tinkajambula Lamlungu masana tikaweruka kutchalitchi. Ng'oma ankaimba mnzanga Mulenga, wa ku Zambia, amene amagwira ku fakitale ya magalimoto ku Solihull. Tinamaliza nyimbo zisanu ndi zitatu. A Trevor anazimvetsera zonse atatsinzina, kenako anati zili bwino koma zavala taye. Anati pakusowa nyimbo imodzi yoti munthu akaimva asiye chimene akuchita. Mawu amenewo anandikhala pamtima ngati chifuwa chosapola.

Mwezi womwewo apongozi anga anamwalira ku Thyolo. Akazi anga, Esinati, ndi namwino kuchipatala ku Wolverhampton, ndipo nthawi imeneyo pasipoti yawo inali kwa eni ake a ma viza, tikudikira mapepala atsopano. Nonse muno mukudziwa tanthauzo lake. Ukatuluka sudzalowanso. Esinati sanapite kumaliro a mayi awo. Atatha kuika, msuweni wina anatitumizira vidiyo ya mwambo wonse, ine kwanga, iwonso kwawo. Ndinawaona akuyang'ana foni, n'kuivundikira patebulo, n'kupita kukatsuka mbale. Ine yanga ndinaitsegula.

Pamene bokosi linkatuluka m'nyumba, amayi a mpingo akuimba chapansipansi, alamu anga a Felesiya, akulu awo a Esinati, anadziponya pakhomo n'kuyamba kulira. Mukudziwa mmene amayi akwathu amalirira, salira misozi yokha, amayankhula ndi womwalirayo. Ankati, "Amayi, munkaitana Esinati, Esinati sanabwere. Mwapita musanamuone mwana wanu."

Apa ndinene chilungamo, poti ndi chimene tabwerera muno. Musaganize kuti mawuwo sindinawamve. Ndinawamva bwinobwino. Koma khutu langa linagwira china. Mawu a alamu ankakwera pamwamba n'kutsika katatu, ndendende mmene zimatsikira nyimbo zija za m'katoni. Ndinatenga gitala, n'kupeza pamene akulirira, n'kuyamba kuwayankha ndi nthambo. Mkazi wanga ali kukhitchini ndi chisoni cha mayi ake, ine ndili kuchipinda ndikuti nyimbo ija ankaifuna a Trevor ndaipeza.

Lamlungu lotsatira ndinapita nayo. A Trevor atamva anavula magalasi. Anandifunsa kuti mayiyu akuti chiyani. Ndinati ndi nyimbo yamakolo basi. Anafunsanso ngati achibale alola. Ndinati kwathu zoterezi ndi za aliyense. Mulenga yekha ndi amene anaika timitengo take toimbira ng'oma pansi.

Anati, "Ba Mbewe, iyi ine sinizalizako. Ba madam baziba?"

Ndinati akudziwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutuluka panja kukasuta. Nyimboyo tinaijambula popanda ng'oma, gitala yanga ndi kulira kwa alamu basi, ndipo inakhala yachisanu ndi chiwiri pachimbalepo. Kunyumba sindinaiike n'kamodzi komwe. Esinati akafunsa za chimbale ndinkawaikira ziwiri zoyambirira, n'kunena kuti zinazo n'chimodzimodzi.

Chimbale chitatuluka, olemba ndemanga za nyimbo anachilandira kuposa mmene ndinkalotera. Wina, wa magazini ya blues, sanandinyengerere. Analemba kuti zala zanga zinameza kwambiri zimbale za akuluakulu a ku America, kuti mawu anga safika patali, ndiponso kuti nyimbo ziwiri zikanatha kutsala osadandaula munthu. Koma anati nyimbo yachisanu ndi chiwiri inamupeza akuyendetsa galimoto ndipo anaima pambali pa msewu mpaka inatha. Wina anati mawu a mayi uja ndi nyimbo yakalekale ya ku Africa. Ndinaseka ndekha, ndinati nyimbo yakalekale ya mwezi wathawu. Pa wailesi ina yakuno anaiika kangapo. Ndemanga yoyamba ija ndinaisindikiza papepala n'kumayenda nayo m'thumba la jekete. Zoti mawu anga safika patali ndinkazidumpha powerenga.

Ndiye ndinapita kutchalitchi ndikuyembekezera kuti anthu andinyamula. Kunali zii. Amayi amene ankandiseka masiku onse anangoti mwadzuka bwanji n'kupitirira. Mkulu wa kwaya anandiuza kuti mwezi uno pa gitala ayeserako wina. Bambo wina anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tamva, tamva," osawonjezera kanthu. Ine ndinali ndi yankho lokonzeratu, lija timalikonda tonsefe. Ndinati nsanje. Ndinati Amalawi sitifunirana zabwino, mnzako akatchulidwa m'magazini ya azungu mimba zimawawa.

Kenako pansi pa ndemanga ija pa intaneti, pakati pa mawu a Chingerezi oyamikira, panabwera mizere iwiri ya Chichewa, yopanda dzina. Inati: "Gitala ikulira bwino, a Mbewe. Koma maliro ali ndi eni ake, munapempha?"

Munthu wanzeru akanayankha funsolo. Ine ndinayamba kusaka wofunsayo. Ndinayang'ana ola limene analemba, n'kuyamba kuwerengetsa amene sanali pa shifiti nthawi imeneyo. Ndinali ndi kope, abale anga, kope lenileni la mayina. Ndinkaimbira anthu foni ngati ndikuwalonjera, koma ndikufuna ndimve ngati mawu awo anjenjemera. Mkulu wa kwaya ndinamuika pamwamba, kenako ndinamutsitsa n'kukweza Mulenga, poti ndi yekhayo anali m'situdiyo muja. Ndinayendetsa galimoto mpaka ku Solihull n'kumudikira pamalo oimika magalimoto akuweruka. Ndinamuonetsa foni pamaso pa anzake.

Iye anawerenga, n'kundibwezera. Anati, "Ine n'nakuuzani pamenso. Nibisalire chani?"

Ndinamuuza kuti ndi njoka, kuti chikumuwawa n'chakuti nyimbo imene yatchuka ndi imene mulibe ng'oma zake. Sanayankhe. Analowa m'galimoto yake n'kumapita, ndipo ine ndinati kusayankhako ndi umboni.

Mowa unalowera pamenepo. Poyamba chitini chimodzi m'galimoto ndikaweruka, kuti mutu uleke kuwerenga mayina. Kenako zinayi. Kenako ndinkayamba ndisanapite kuntchito, n'kutafuna timaswiti tonunkhira. Kutchalitchi ndinasiya. Anthu akandiitana kukaimba ndinkafika nditakhuta, ndikuyang'ana m'gulu kuti ndione ngati muli Mmalawi amene watumidwa. Tsiku lina ndikuthandiza gogo wina kudzuka pampando ndinadzandira, tonse awiri tinatsala pang'ono kugwa. Manijala anandinunkhiza n'kundiimitsa ntchito pompo. Ndikutuluka pageti sindinaganize za gogo uja. Ndinkaganiza kuti wandinenera ndani.

Tsono kunyumba. Esinati anasintha khalidwe patangotha milungu iwiri chitulukireni chimbale. Sanakalipe, sanafunse kanthu. Ankaphika, ankasita, ndikayankhula ankati eya kapena ayi. Foni anaisintha pasiwedi. Ikaitana ankatuluka nayo kuseri kwa nyumba, ngakhale kukugwa mvula, n'kubwerako maso ali ofiira. Ndipo anayamba kunyamuka msanga. Shifiti yoyamba masana, iwo ankachoka pakhomo kudakali maola atatu. Inu mukanaganiza chiyani? Musandiyankhe, ndikudziwa, n'chifukwa chake muli muno. Ndinati pali mwamuna. Ndinamuumba m'mutu mwanga, ndinamupatsa ntchito ya udokotala ndi galimoto yabwino. Ndinafika poganiza kuti ndi yemweyo analemba mizere iwiri ija kuti andigwetse atenge mkazi. Ndinanunkhiza yunifolomu yawo mudengu la zochapa. Ndinafufuza m'chikwama chawo n'kupezamo malisiti a tiyi, n'kumawerenga ngati anagula makapu awiri. Munthu wamkulu ine, ndevu zoyamba kuyera.

Lachitatu lina ndinawatsatira. Anakwera sitima kupita m'tauni, ine chitseko china. Anakwera tiramu, kasitima kamagetsi kopita ku Wolverhampton, ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni nditadzikwirira chipewa cha jekete. Ndinali nditamwako ziwiri kuti ndilimbe mtima. Titafika sanapite kokwerera basi ya kuchipatala. Analowera kupaki. Chinthu chochititsa manyazi n'chakuti ndinasangalala. Ndinati lero ndiye ndaona kuti sindine wamisala.

Anakhala pabenchi pafupi ndi dziwe, anaika timahedifoni m'makutu, n'kuwerama. Ine ndinaima kuseri kwa mtengo ndikudikira dokotala wanga. Anadutsa mayi wina ndi galu. Anadutsa bambo wothamanga. Palibe amene anaima. Ndinaona mapewa a Esinati akugwedezeka, ndipo ndinati akuseka, munthuyo ali pa foni, akumuseketsa. Ndinayenda chozemba kuchokera kumbuyo, n'kutsomphola kahedifoni kamodzi, n'kukaika m'khutu mwanga kuti ndimve mawu ake.

Ndinamva gitala yanga. Kenako alamu anga: "Esinati sanabwere."

Esinati sanadzidzimuke n'komwe. Anatembenuka, nkhope yonse ili misozi, anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Anazimitsa foni bwinobwino n'kuiika pamiyendo.

Anati, "Mwamupeza amene mumamufuna uja?"

Ndinafunsa funso lopusa, ndinati mwaitenga kuti nyimboyi.

Anati, "Khalani pansi, a Mbewe, mukununkha." Ndinakhala kumapeto kwa benchi. Anayankhula osakweza mawu, akuyang'ana madzi. "Vidiyo ija ine sindinaitsegule. Ndinalibe mtima. Ndinati ndidzaitsegula tsiku limene ndidzakhale ndi mphamvu. Ndiye tsiku lina ndili pa break ku staff room, mnzanga wachizungu akubwera akumwetulira, akuti kodi uyu si mwamuna wako, wamutchula pa wailesi. Akuika foni patebulo, anthu akudya masangweji. Maliro a mayi anga ndinawamvera pamenepo. Achemwali akundiitana dzina, anzanga akuti beautiful, akundifunsa kuti akuimba chiyani. Ndinawauza kuti sindikumva bwino, ndi chiyankhulo cha dera lina. Ndinabwerera ku ward kukapereka mankhwala."

Ndinati bwanji simunandiuze.

Anati, "Ndinkadikira kuti mundiuze ndinu. Tsiku lililonse ndinkati lero anena. Inu munali otanganidwa ndi kope lanu."

Kope lija ndinkaganiza kuti ndalibisa bwino.

Anapitiriza. Anati nyimboyo inafika kumudzi, wina anaitumiza pa gulu la pa foni la achibale. A Felesiya anaimva ali kumsika, mwana wa eni golosale akuiliza. Kumudzi konse anamvana chimodzi, kuti Esinati analephera kubwera kudzaika mayi ake, koma kugulitsa maliro awo kwa azungu ndiye wakwanitsa. Palibe amene anakhulupirira kuti mkamwini angachite zimenezo mwini wake osadziwa. A Felesiya anawatumizira mawu amodzi okha, kuti usadzandiimbirenso. Mafoni aja ankatuluka nawo panja anali a amalume awo, akuwazenga mlandu. Ndipo miyezi yonseyo Esinati sanawauze kuti sankadziwa, poopa kuti akanena, banja lawo lonse lindida mpaka kalekale. Anasenza mlandu wanga, ine ndikununkhiza yunifolomu yawo.

Ndinafunsa kuti nanga mumaimveranji tsiku ndi tsiku, chinthu chokupwetekani.

Anati, "Achemwali sandiyankhula. Amayi kulibe. Mawu a kwathu amene ndatsala nawo ndi omwewa. Ndimayesetsa kuti gitalayo ndisaimve."

Amuna anzanga, ndikanakonda kukuuzani kuti pamenepo ndinagwada. Sindinagwade. Matenda aja anali adakali m'magazi. Ndinatsegula pakamwa n'kufunsa kuti, kodi mizere iwiri ija pa intaneti munalemba ndinu?

Anandiyang'ana ngati akuona munthu wachilendo. Anati, "Mpaka pano mukufunabe amene anafunsa. Funsolo munayankha?" Anatenga kahedifoni kawo m'dzanja langa, n'kunyamuka kupita kuntchito. Tsiku limenelo sanabwerere ku Erdington. Anakakhala kwa namwino mnzawo ku Wolverhampton konko, ndipo Loweruka anabwera ndi mnzawoyo kudzatenga zovala ine nditakhala pabalaza ngati mpando.

Sindinasiye mowa tsiku limenelo ayi. Ndinamwa milungu ina iwiri, kuposa kale. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ndikatsegula kope lija ndinkaona kuti dzina limene likusowamo ndi langa. M'mawa wina ndinadzuka pansi m'khitchini, ndinasamba, n'kukwera basi kupita kwa Mulenga. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine mnansi wanga ndinamutcha njoka pamaso pa anzake. Ndinamuuza zonse ndili chiimire pakhomo, kuphatikizapo bodza lija loti akazi anga akudziwa. Anati ankadziwa kuti ndi bodza kuyambira tsiku lomwelo. Anandilowetsa, anandipatsa tiyi, ndipo ndi iyeyo anandiperekeza kwa dokotala, n'kundibweretsa pa gulu lino Loweruka loyamba. Ena mukukumbuka, ndinakhala pafupi ndi chitseko ndikuyang'ana aliyense ngati wapolisi.

Chimene ndinaphunzira muno choyamba ndi kachinthu kakang'ono. Maganizo okayikira akabwera, ndisawasunge ndekha mpaka madzulo. Ndiimbire munthu mmodzi, ndiwanene mokweza. Zambiri zimene zimaoneka zanzeru m'mutu, ukazinena kwa mnzako zimamveka mmene zilili. Ndinamuimbira Mulenga tsiku lina kuti a tcheyamani athuwa anandiyang'ana moseka, ndiye kuti akundinena. Anati, "Ba Mbewe, bamudala baja bali na diso imozi yofooka, bayangana onse choncho." Pepani a tcheyamani, koma zinandithandiza.

Kenako ndinapita kwa a Kachingwe, bambo amene anaimira ankhoswe athu kuno. Ndinkafuna andithandize kukapepesa Esinati kuti abwerere. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndayambira kumchira. Anati, "Mukapepesa bwanji chinthu chikulirabe pa wailesi? Yambani mwachotsa. Ndipo mlanduwu si wa akazi anu okha, eni ake ali ku Thyolo."

Kuchotsa nyimbo ija ndi chinthu chimene chinandiwawa kuposa kusiya mowa, sindikubisirani. Ndinapita kwa a Trevor n'kuwamasulira mawu onse a alamu, liwu ndi liwu. Munthu uja anafiira. Anati ndinakufunsa kawiri. Ndinati munandifunsa, ndinakunamizani. Anaichotsa pa intaneti sabata yomweyo, analembera a wailesi kuti asaiikenso, ndipo zimbale zimene zinatsala m'makatoni sitinazitulutsenso. Chimbale chinatulukanso ndi nyimbo zisanu ndi zitatu. Wolemba wa magazini uja anawonjezera kandime kafupi. Anati wamva chifukwa chake ndipo akuchilemekeza, koma popanda nyimbo imeneyo chatsala ndi chimbale cha munthu wodziwa kugwira gitala amene sanapezebe choti anene. Ndinawerenga kamodzi, ndinamuimbira Mulenga kuti mzunguyu alipo amene wamutuma. Tinaseka tonse, koma ine ndinaseka misozi ili m'maso. Oitana kukaimba anachepa. Ntchito anandibwezera patapita miyezi, atandiika pa maso, ndipo gogo uja ndinakamupepesa ngakhale sanakumbuke kuti ndine ndani.

Esinati sindinawaone miyezi isanu ndi iwiri. Mauthenga ankadzera kwa a Kachingwe. Mapepala awo atatuluka, kumudzi anakonza zomanga chiliza cha apongozi. A Kachingwe anandiuza kuti Esinati akupita, ndipo ati ngati muli ndi mawu oti mukanene kwa eni ake, njira ndi yomweyo. Tinakwera ndege imodzi, mipando yotalikirana.

Ku Thyolo anatikhazika pansi pa mtengo wa mapeyala, amalume awo a Esinati, abale, ndi ankhoswe a mbali yanga amene anachokera ku Dowa. Ine ndinakhala pansi penipeni. Atandipatsa mpata sindinazungulire. Ndinati Esinati sankadziwa kanthu, vidiyo sanaitsegule n'komwe, ndinaba ndine, ndinanamiza mnzanga, ndinanamiza mwini situdiyo, ndipo mwana wanuyu wakhala akusenza mlandu wanga pofuna kunditchinjiriza. Anthu anang'ung'udza. Amalume anandifunsa kuti, mwati mwachotsa, chabwino, nanga amene anamva kale muwachotsa bwanji m'makutu? Ndinati sindingathe. Anati bola mwadziwa. Anagamula mbuzi, ndiponso kuti dzanja langa ligwire nawo ntchito ya chiliza kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

A Felesiya nthawi yonseyi anali atafunda chitenje kumutu. Pomwe anthu ankati adzuke, anandiyang'ana koyamba.

Anati, "Alamu, ine sindinkaimba."

Ndemanga zonse zimene zinalembedwa za chimbale changa, ya magazini, ya pa wailesi, palibe imene inandilowa ngati imeneyo.

Masiku atatu ndinasenza njerwa ndi kukanya simenti, manja osazolowera anatuluka matuza, anyamata a m'mudzimo akundiseka kuti mkamwini wa ku Ulaya. Tsiku lomaliza chiliza chitatha, Esinati anagwada pamanda paja n'kulira mayi awo. Analira ngati maliro achitika tsiku lomwelo, akuwauza zonse, za pasipoti, za ku staff room, zonse. A Felesiya anaima kaye patali. Kenako anapita, anagwada, anamukumbatira mng'ono wawo kumbuyo, n'kumalira limodzi. Ine ndinachoka ndinakaima kumsewu, poti sanali malo anga. Zimene ananena pamenepo sindikuuzani, ndi za eni ake.

Amene analemba mizere iwiri ija sindikumudziwa mpaka lero. Mwina ndi wa kutchalitchi, mwina ali muno akundiyang'ana. Nthawi zina mtima umafunabe kuwerenga nkhope, sindinachire ngati wochira malungo. Koma kope lija ndinalitaya, ndipo ngati muli muno, musadziulule, palibe chifukwa.

Pobwerera, m'ndege tinakhalanso motalikirana. Za kumene Esinati akafikire palibe amene anatchula, ngakhale a Kachingwe sankadziwa. Ine ndinalumbira mumtima kuti sindifunsa, sindisuzumira foni yawo kuti ndione ngati auza mnzawo uja kuti awadikire, sindiwerenga nkhope yawo. Kwa munthu ngati ine, maola onse aja osafufuza kanthu anali ntchito yoposa kukanya simenti. Tinatera ku Birmingham m'mawa, kukuwaza kamvula. Tinakoka zikwama mpaka pa takisi. Dalaivala anaziika zonse kumbuyo, tinalowa, n'kutiyang'ana pagalasi. Anafunsa kuti tikupita malo amodzi kapena awiri.

Ndinayang'ana manja anga a matuza aja, ndinatseka pakamwa.

Esinati anati, "Erdington." Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chichewa, "M'nyumbamo mwasesamo koma?"

Ndinali nditasesa, abale anga. Ndinasesa ndisananyamuke, osadziwa ngati kudzabwera munthu. Zikomo pondimvetsera.